Retreat ya yoga kunja mu Julaye kapena Ogasiti, ndi kutentha kumeneku ndipite kuti?

NaBanda analemba:

Moni nonse. Ndikufuna nzeru kwa amene munapitako ku ma retreat a yoga kunja. Tchuthi changa kuntchito chimatheka kumapeto kwa Julaye mpaka pakati pa Ogasiti basi, abwana sangasinthe olo nditawagwadira, nde ndakhala ndikusunga kandalama pang'onopang'ono kuti chaka chino ndikapumeko sabata imodzi kapena masabata awiri, yoga m'mawa, kudya bwino, kugona mokwanira, foni kutali. Vuto ndi loti malo onse amene ndawakonda pa intaneti ali kumene miyezi imeneyo dzuwa limakhala lakwiya. Pali ina pa chilumba china ku Greece, ina kum'mwera kwa Spain chakufupi ndi Seville, ina kunja kwa Marrakech ku Morocco, kenako pali Rishikesh ku India komwe aliyense amati ndi kuchimake kwa yoga. Pa zithunzi zonse ndi zokongola zedi, anthu ataima ndi mwendo umodzi dzuwa likulowa, koma palibe amene akulemba kuti masana kumafika madigiri angati.

Pa yoga ine si katswiri ayi, ndimachita kunyumba ndi mavidiyo komanso kalasi imodzi pa sabata, sindikufuna zokakhala mphunzitsi kapena kuima ndi mutu, ndikungofuna kupuma. Ndimamwa mankhwala a BP tsiku lililonse, kaya zimenezo zili ndi kanthu. Retreat ya ku Greece ija ilinso ndi zoti masiku atatu oyamba mumangomwa majuwisi okhaokha, akuti detox, ndipo ndi imene yanditenga mtima kwambiri chifukwa ili pamwamba pa phiri kuyang'ana nyanja. Akufuna dipoziti msanga akuti malo atsala awiri.

Nde funso langa ndi loti kodi kutenthaku ndi nkhani yoti munthu angaipirire bola pali dziwe losambiramo ndi madzi akumwa, kapena ndisiyiretu malo amenewa ndiyang'ane kwina? Ngati kwina, kuti? Chonde musandiuze kuti ndipite mu Okutobala, ndikudziwa kuti ndi bwino koma sizitheka.

Nangozo analemba:

Asisi NaBanda, Seville ndi Marrakech zichotseni kaye pa mndandanda wanuwo. Chigwa cha mtsinje wa Guadalquivir, uko kuli Seville ndi Córdoba, mu Julaye ndi Ogasiti madigiri 40 sadabwitsa munthu, mu Ogasiti 2021 ku La Rambla pafupi ndi Córdoba kunafika 47.6. Marrakech chimodzimodzi, ili mkati mwa dziko kutali ndi nyanja, eni ake masana amatseka mawindo n'kubisala m'nyumba mpaka dzuwa litapendeka, nde inu mlendo mukakhale pa mati panja?

Za Greece ndinenako zambiri poti ndinapitako mu Ogasiti pa chilumba china, malo ake sinditchula. Chimene chinandisautsa ine si masana ayi, masana munthu umadziwa chochita, umalowa m'madzi kapena umagona pamthunzi. Chinandisautsa ndi usiku. Nyumba yake inali ya miyala, yokongola ndithu, koma miyala ija imamwa kutentha tsiku lonse kenako usiku n'kumakubwezera m'chipinda, ndipo munali kafani kamodzi kongotembenuza mpweya wotentha womwewo. Pa tsamba lawo analemba mokometsera kuti zipinda zathu zimazizira mwachilengedwe, kumeneko kunali kunena kuti mulibe AC. Ukatsegula zenera udzudzu, ukatseka thukuta. Nde taganizani, mwalipira ndalama zambiri kuti mukapume, koma tulo palibe, m'mawa belu la kalasi likulira inu mutu uli waa. Kalasi ya m'mawa inali bwino, koma yachiwiri anaiika 4 koloko masana pa khonde lopanda denga chifukwa choti pamenepo nyanja imaoneka bwino, anthu ambiri anangosiya kupitako ndipo ndalama zake palibe anabwezeredwa.

Nde musafunse kuti dziko liti, funsani za nyumbayo. Alembereni imelo, osati kungowerenga tsamba lawo. Kalasi yoyamba imayamba nthawi yanji, yachiwiri nthawi yanji (yabwino ndi yoti yatha 9 koloko isanakwane, ina iyambe dzuwa litatsala pang'ono kulowa). Pochitira yoga pali denga, mphepo imadutsa? Chipinda chimene INU mudzagonemo muli AC kapena ili m'zipinda zodula zokha, ndipo amalipiritsa padera? Nyumba zambiri zakale ku Europe zilibe AC, musangoganiza kuti ilimo poti mtengo ndi wokwera. Kenako inu nokha kayang'aneni nyengo ya malowo chaka chatha ndi chaka chinacho, koma muyang'ane nambala ya usiku, osati ya masana yokha. Ngati usiku sikutsika pansi pa 25 ndipo AC mulibe, thawani.

Zilumba za Greece sizofanana ayi. Za Cyclades monga Paros, Naxos, Amorgos miyezi imeneyo kumaomba mphepo ya kumpoto yotchedwa meltemi, imathandiza kwambiri, kungoti ikakula sitima zapamadzi zimachedwa kapena kuimitsidwa kumene, nde musaike ndege yobwerera tsiku lomwelo lochoka pa chilumba. Kwinako kuli nkhani ya moto wolusa, mu Julaye 2023 pa chilumba cha Rhodes anasamutsa anthu pafupifupi 19,000, ambiri mwa iwo alendo a holide, ndipo mwezi womwewo ku Athens ankatseka Acropolis, malo a makachisi akale okopa alendo, masana chifukwa cha kutentha. Poti yanuyo mukuti ili pamwamba pa phiri, afunseninso kuti msewu wotulukira ndi umodzi kapena ilipo ingapo.

Ngati mtima uli pa Europe kapena Morocco, yang'anani mbali ya nyanja ya Atlantic m'malo mwa Mediterranean. Gombe la kumadzulo kwa Portugal, Ericeira, Aljezur, kumeneko masana kumaomba mphepo ya kumpoto ndipo madzi a m'nyanja ndi ozizira mpaka mano kugwedezeka, ma retreat a yoga ophatikiza ndi surfing ndi ambirimbiri. Ku Morocco m'malo mwa Marrakech kuli Essaouira, maola ngati atatu pa galimoto, kumangokhala m'ma 20 chifukwa cha mphepo, ena amadandaula kuti mphepoyo njambiri kkk. Kumpoto kwa Spain, Galicia ndi Asturias, nakonso ndi kobiriwira, kosiyana kwambiri ndi Seville.

aChisale analemba:

Mayi NaBanda, ine ndiyankhe za India zokha, zinazo a Nangozo anena kale.

Rishikesh kutentha kwake kwenikweni ndi Meyi ndi Juni, pamenepo kumafika 40. Pofika kumapeto kwa Julaye kumakhala kutagwa mvula ya monsoon, nde madigiri amatsikako koma chinyezi chimakwera, thukuta siliuma, zovala siziuma, mati sauma. Mtsinje wa Ganga umene mumauona wobiriwira pa zithunzi uja umakhala wadzaza, wamatope, wothamanga, za mabwato a rafting amaziimitsa nyengo imeneyo. Misewu ya m'mapiri a Uttarakhand imagumuka kawirikawiri. Chinanso chimene otsatsa ma retreat sanena ndi Kanwar Yatra, ulendo wachipembedzo wa m'mwezi wawo wa Shravan womwe umagwa mu Julaye kulowa mu Ogasiti, anthu mamiliyoni amabwera kudzatunga madzi a Ganga ku Haridwar, ambiri amafikanso ku Rishikesh, misewu ina imatsekedwa, phokoso usana ndi usiku. Ndi chinthu choti ungachione n'kudabwa nacho, koma kwa munthu wofuna bata si nthawi yake. Rishikesh muisungire Malichi, pamene ku Parmarth Niketan kumachitika International Yoga Festival, kapena Okutobala ndi Novembala, chaka chimene abwana anuwo adzafewe mtima.

Koma musaitaye India yonse. Kum'mwera ku Kerala mvula imayamba chakumayambiriro kwa Juni, ndipo kwa asing'anga a Ayurveda, njira yamakolo ya ku India yochizira matenda, nyengo ya mvula ndi imene amaiona kuti ndi yoyenera kuchiza thupi, makamaka mwezi wawo wa Karkidakam, kuyambira pakati pa Julaye kufika pakati pa Ogasiti, ndendende tchuthi chanucho. Amati thupi limalandira bwino mafuta kukakhala kozizirirako ndi kwachinyezi. Kaya sayansi ikuti chani pa zimenezo, chimene ine ndinaona n'choti moyo wake umayenda pang'onopang'ono mokukakamiza kupuma, yoga yofatsa m'mawa, kukupaka mafuta, kudya, kugona mvula ikugunda padenga, ndipo mahotela ambiri amatsitsa mitengo poti alendo a kugombe kulibe. Kumeneko yoga ndi yongowonjezera, chachikulu ndi Ayurveda, nde mudziwiretu chimene mukugula. Panchakarma yeniyeni, chithandizo chawo chotsuka m'thupi, imafuna masabata awiri kapena atatu ndipo muli zotsegula m'mimba ndi zina zotero, poti mwatchula za BP musalowemo dokotala wanu asanadziwe, ndipo mankhwala a zitsamba amene angakupatseni kumeneko muzifunsa kuti muli chani.

Zoipa zake nazonso zilipo. Nyanja ku Varkala ndi Kovalam imakhala yolusa, zosambira iwalani. Udzudzu ulipo ndipo nthenda ya dengue imene umafalitsa imachuluka nthawi ya mvula, udzudzu wake umaluma masana nde neti yokha siyokwanira, muzidzola mankhwala othamangitsa udzudzu. Mvula ikakula imakula zenizeni, mu Ogasiti 2018 madzi anasefukira pafupifupi Kerala yonse mpaka bwalo la ndege la Kochi linatsekedwa, ndipo mu Julaye 2024 ku Wayanad mapiri anagumuka anthu mazana n'kufa. Nde musankhe malo osakhala m'munsi mwa phiri kapena m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje.

Wina akuuzani za Mysuru, zoona kumeneko sikutentha kwambiri poti ndi kokwererako, koma ndi kuchimake kwa Ashtanga, yoga yamphamvu imene ankaphunzitsa malemu Pattabhi Jois, anthu amapita mwezi wathunthu kukalimbana ndi thupi kuyambira m'bandakucha. Si zimene mwafotokoza kuti mukufuna.

Mjomba_Gama analemba:

Inetu sindikukumvetsani anthu inu kkkk. Kuli anthu amalipira ndalama kuti akachite hot yoga m'chipinda chotenthetsedwa dala madigiri 40, nde inu kutentha komweko mukupatsidwa kwaulere ku Seville mukuthawanso? Achemwali pitani basi, muzimwa madzi ambiri, thukuta ndiye detox imene.

Namwino_wausiku analemba:

A Gama ndikudziwa mukuseka koma pali anthu amaganizadi choncho nde ndiyankhe. Hot yoga ya mtundu wa Bikram ndi mphindi 90, kenako umatuluka, umasamba, umakagona pozizira, thupi limabwerera m'malo mwake. Nyengo yotentha ilibe khomo lotulukira, ndi usana ndi usiku masiku otsatizana, ndipo chimene chimagwetsa anthu nthawi zambiri ndi chimenecho, thupi kusapeza mpata wozizira. Komanso thukuta si detox, ndi madzi ndi mchere basi, zoipa za m'thupi amachotsa ndi chiwindi ndi impso.

A NaBanda, chimene chandiimitsa mu uthenga wanu ndi zinthu ziwiri zili pamodzi, mankhwala a BP ndi masiku atatu a majuwisi okhaokha. Kukatentha mitsempha ya pakhungu imatseguka kuti thupi litaye kutentha, BP imatsika yokha. Ngati mankhwala anu ndi aja okodzetsa monga hydrochlorothiazide mukutaya kale madzi ndi mchere, ngati ndi a gulu la atenolol mtima suthamanga mmene umafunikira pothandiza thupi kuzizira. Pamenepo onjezani kusadya, majuwisi amene mchere mulibe, kenako yoga imene mumawerama mutu pansi n'kudzuka msanga mobwerezabwereza. Chizungulire ndi kukomoka zimabwera pamenepo. Sindikuti musiye mankhwala, chonde musasiye nokha, ndikuti mukaonane ndi amene anakulemberani mankhwalawo musanalipire dipoziti, muwauze kumene mukupita ndi zimene mukachite. Za majuwisizo ine ndikanakhala inu ndikanakana, muwafunse ngati amalola munthu kudya chakudya wamba masiku amenewo, akakana nde mwadziwa kuti ndi anthu otani. Izi zikukhudzanso a shuga, oyembekezera, ndi amene amamwa mankhwala ena a nkhawa kapena a ziwengo, enawa amachepetsa thukuta.

Zoti muzimwa madzi ambiri nazonso zili ndi malire. Munthu akamatuluka thukuta kwambiri n'kumangothira madzi okhaokha malita ndi malita, mchere wa m'magazi umatsika, mutu kupweteka, nseru, kusokonezeka, ndipo anthu oyandikana naye amaganiza kuti ndi ludzu n'kumamupatsanso madzi ena. Tengani mapaketi a ORS m'chikwama, ndi opepuka, ndipo muzidya. Mkodzo ukhale wachikasu chowala, ukada kwambiri mwachepetsa madzi, ukangokhala mbee ngati madzi tsiku lonse mwina mwaonjeza.

Thupi limazolowera kutentha inde, koma zimatenga sabata imodzi mpaka awiri, ndiye kuti pa retreat ya sabata imodzi mukamayamba kuzolowera ndi pamene mukulongedza katundu. Masiku oyamba ndi amene ali oopsa, munthu wangotsika ndege, sanagone bwino, ali ndi chidwi chofuna kuchita zonse. Kawirikawiri si yoga imene imavulaza anthu, ndi maulendo a pansi aja amaikidwa pa pulogalamu masana, kukwera kaphiri, kupita ku gombe lobisika. Mu Juni 2024 alendo angapo anamwalira pa zilumba za Greece akuyenda pansi kukutentha, mmodzi mwa iwo anali Michael Mosley, dokotala wodziwika wa pa TV ku Britain, pa chilumba cha Symi, munthu woti za thupi ankazidziwa bwino. Ndipo kafukufuku amene anatuluka mu magazini ya sayansi ya Nature Medicine mu 2023 anayerekeza kuti chilimwe cha 2022 chokha anthu opitirira 61,000 anafa ku Europe chifukwa cha kutentha. Ambiri anali okalamba ndi odwala kale, zoona, koma munthu wa BP ali pafupi ndi gulu limenelo kusiyana ndi mmene amadzionera.

Zizindikiro muzidziwe, za inu komanso za mnzanu wa mati oyandikana nawo. Thukuta lambiri, kufooka, mutu, nseru, minofu kukokana, ameneyo mupite naye pamthunzi, agone miyendo m'mwamba, mumasule zovala, mumunyowetse, amwe pang'onopang'ono. Akapanda kusintha pakatha theka la ola, kuchipatala. Koma munthu akayamba kusokonezeka, kuyankhula zosamveka, kudzandira kapena kukomoka, imeneyo ndi heat stroke, itanani ambulansi nthawi yomweyo (ku maiko a EU nambala ndi 112, ku India nayonso 112 imagwira) ndipo podikirapo muzimuziziritsa ndi madzi, ayisi m'khwapa ndi m'khosi. Musalole wina aliyense akuuzeni kuti ndi thupi likutulutsa zoipa, ndanenapo dala chifukwa m'malo a detox mawu amenewo amamveka kwambiri. Nde pa mafunso a Nangozo aja onjezani ili, chipatala chapafupi chili mtunda wautali bwanji, poti zilumba zing'onozing'ono zina zili ndi kakiliniki kokha, wodwala kwambiri amachita kumunyamula pa boti kapena helikopita.

Mphunzitsi wodziwa ntchito yake kukatentha amasintha kalasi yekha, amachepetsa ma surya namaskar (kuwerama ndi kudzuka kobwerezabwereza kuja) ndi kupuma kothamanga kwa kapalabhati, amaika yoga yofatsa ya yin, yoga nidra yochita mutagona pansi, kapena kupuma kwa sheetali kokoka mpweya pa lilime lopinda kuja. Mukhoza kufunsa kuti kukafika 38 pulogalamu yanu imasintha bwanji. Yankho lake likuuzani zambiri.

NaBanda analemba:

Eee zikomo nonse, sindimayembekezera kuti mulemba chonchi. A Namwino mankhwala anga ndi okodzetsa omwewo, ndapangana kale ndi adokotala sabata ino. Ndinawalembera a ku Greece aja mafunso onse, ayankha msanga ndithu koma AC akuti ili m'zipinda ziwiri zokha ndipo zatengedwa kale, kalasi yachiwiri ndi 5 koloko, za majuwisi akuti ndi mtima wa pulogalamu yawo sangasinthe, za chipatala sanayankhe n'komwe angonditumizira chithunzi china cha nyanja. Nde imeneyo yagwa, zikundiwawa koma basi.

A Chisale za Kerala zandikoka koma ine mvula ya tsiku ndi tsiku imandigwetsa ulesi ndi kukhumudwa, ndikufuna kadzuwa pang'ono. Panopa ndikuyang'ana Aljezur ija, koma mnzanga wina akuti bwanji Bali, akuti miyezi imeneyi ndi yabwino. Ndi zoona? Ine ndimaganiza kuti Asia yonse nthawi imeneyo ndi mvula.

Nasibeko analemba:

Mnzanuyo sakunama asisi. Bali ili kum'mwera kwa equator, nde Julaye ndi Ogasiti ndi pakati pa nyengo yopanda mvula ndipo ndi miyezi yozizirirako pa chaka chonse, masana chakuma 28 mpaka 30, chinyezi chochepa, ku Ubud poti ndi mkati komanso kokwererako m'mawa mpaka umafuna kajuzi kopepuka. Asia siyendera nyengo imodzi. Ngakhale ku Thailand, mbali ya Phuket imakhala pa mvula koma Koh Samui ndi Koh Phangan mvula yawo yaikulu imabwera cha mu Okutobala mpaka Disembala. Sri Lanka nayo kum'mwera chakumadzulo kumagwa mvula pomwe kum'mawa ku Arugam Bay ndi Trincomalee kuli dzuwa, kungoti uko kumatentha ndithu.

Vuto la Bali mu Ogasiti ndi anthu. Aliyense amadziwa zimene ndakuuzanizi nde a ku Australia ndi a ku Europe onse amakhala ali konko, mitengo pamwamba, misewu ya pakati pa Ubud njinga zamoto ndi magalimoto kungoti tho, kalasi ya malo otchuka ngati Yoga Barn mukhoza kupezeka muli chigulu. Ngati mukufuna bata yang'anani Sidemen kapena Munduk kumapiri, Munduk usiku kumazizira kumene. Canggu ndi ya achinyamata a ma party, siyani. Dengue iliko chaka chonse, madzi a pampopi osamwa, ndipo kuyambira Febuluwale 2024 mlendo aliyense amalipira msonkho wa 150,000 rupiah kuwonjezera pa viza. Muganizirenso kutalika kwa ulendo, ngati kuchokera kumene muliko ndi ndege ziwiri kapena zitatu ndi kusiyana kwa maola ambiri, sabata imodzi siyokwana, masiku oyamba mudzangokhala mukuwodzera pa mati.

Palibe amene watchula mapiri, ine ndi kumene ndimakonda. Ukakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika pafupifupi madigiri 6, nde malo a ku Alps, Austria, Slovenia, kumpoto kwa Italy, kapena Pyrenees amene ali pa mamita 1,200 kapena 1,500 masana kuli dzuwa lanu mukulifunalo koma usiku mumafunda bulangeti, AC simuifuna n'komwe. Mvula ya mabingu imakonda kubwera chakumadzulo ndipo dzuwa la m'mwamba limawotcha khungu msanga, basi. Musakwere mopitirira ayi, Leh ku Ladakh, kumpoto kwa India, ndi kouma komanso kokongola mu Ogasiti koma ndi mamita 3,500, ndi BP yanuyo imeneyo ndi nkhani ina yokafunsa adokotala.

Tsopano za ndalama poti apa ndi pamene anthu amalira. Dipoziti ya ma retreat ambiri sabweza, ndipo inshuwalansi ya ulendo nthawi zambiri siyikulipirani chifukwa choti kwatentha inu mwasintha maganizo, muwerenge bwinobwino imene mukugulayo, muonenso zimene ikunena pa moto wolusa ndi kusefukira kwa madzi. Za BP muwauziretu a inshuwalansi polembetsa, mukabisa ndiye mukadwala adzakana kulipira. Funsani kuti eni retreat akaiimitsa okha chifukwa anthu achepa amabweza zonse kapena amangokupatsani tsiku lina, ndipo tikiti ya ndege musagule asanakutsimikizireni kuti gulu lakwana. Lipirani pa khadi ngati zingatheke, osati kutumiza ndalama ku akaunti ya munthu. Zoti malo atsala awiri amalemba pafupifupi onse, zisakuthamangitseni.

Ngati pasipoti yanu imafuna viza ya Schengen, Portugal, Greece, Spain, Austria zonsezo ndi viza imodzi, mtengo wake ndi 90 euro kuyambira Juni 2024, amafuna inshuwalansi ya chipatala yosachepera 30,000 euro, ndipo mukhoza kupempha miyezi 6 ulendo usanafike. Chilimwe mipata yokaonana nawo imadzaza msanga, nde viza iyambe, dipoziti itsatire, kapena mupeze retreat yoti ikubwezerani viza ikakanidwa.

Chomaliza, mukaona RYT 200 pa dzina la mphunzitsi musakomedwe nazo kwambiri. Ndi kaundula wa Yoga Alliance, bungwe la ku America, kusonyeza kuti munthu anachita maphunziro a maola 200, ena amawamaliza mwezi umodzi. Si laisensi ya boma ndipo sizitanthauza kuti amadziwa chochita munthu akakomoka. Funsani kuti waphunzitsa zaka zingati ndipo pamalopo alipo amene anaphunzira first aid. Ndemanga za anthu muwerenge za amene anapita mu Julaye ndi Ogasiti, za mu Meyi sizikuthandizani.

Nangozo analemba:

Za mapiri ndikugwirizana nazo, za Bali pang'ono pokha, kwa sabata imodzi ine sindingawoloke dziko lonse. Asisi ngati ndi Aljezur muone pa mapu kuti nyumbayo ili mtunda wanji kuchokera kugombe, ena amalemba Aljezur kapena Algarve (dzina la dera lonselo) koma ali mkati chakumapiri a Monchique, kumeneko mphepo ya kunyanja siifika bwino ndipo mu Ogasiti 2018 kunabuka moto waukulu. Makilomita ochepa okha amasintha zinthu.

NaBanda analemba:

Ndayang'ana, iyi ili pafupi ndi gombe la Arrifana, kalasi 8 koloko m'mawa ndi 6:30 madzulo, chakudya katatu pa tsiku, AC mulibe koma akuti amapereka mabulangeti poti usiku kumazizira ndipo ndemanga za mu Ogasiti zikunena zomwezo. Ndidikira kaye za adokotala ndi viza. Kafunso kena kakang'ono, mati ndinyamule anga kapena a kumeneko amakwana?

Nasibeko analemba:

Amakhala nawo koma agwiritsidwa ntchito ndi anthu ambiri thukuta lili chuchuchu, ena amaterera. Ine ndimanyamula aja opyapyala opindika ngati nsalu n'kuyala pamwamba pa awowo, amalowa m'chikwama cha m'manja bwinobwino, ndi kathawulo kopukutira manja. Ngati anu ndi a labala yeniyeni musawayanike padzuwa, amauma n'kuyamba kunyenyeka.